Mlendo Anachoka, Katapila Anatsala

Pali nkhani imene timakonda kuikamba kuno ku Nkhotakota, yakuti umphawi wathu unabwera ndi alendo. Timayambira kwa Jumbe Salim bin Abdallah, amene anakhazikika kuno cha m'ma 1840 n'kumagulitsa minyanga ndi akapolo, kenaka timatsikira kwa amwenye a m'masitolo amene ankalemba ngongole za makolo athu m'kabuku. Nkhaniyi ili ndi choonadi chake, ndipo za ukapolo sitingazichepetse. Vuto lake ndi lakuti imaloza mtundu wa munthu n'kusiya mchitidwe umene unatipweteka.

Mkwiyo wotere si wa kuno kokha. Ku India, m'chaka cha 1855, Asanthal motsogozedwa ndi Sidhu ndi Kanhu Murmu anaukira okongoza ndalama ndi eni minda ochokera kunja, amene iwo ankawatcha "diku". Asilikali a Britain anathetsa kuukirako ndi mfuti, koma ngongole zolanda minda sizinathe m'dzikomo.

Kwathu kuno boma lenilenilo ndilo linachitapo kanthu. Kuyambira mu 1970, boma la Kamuzu Banda linalamula amwenye kuti achoke m'madera a kumidzi, ndipo pofika 1978 ankaloledwa kuchita malonda ku Blantyre, Lilongwe, Zomba ndi Mzuzu basi. Ambiri anaomba m'manja. Koma masitolo ochuluka amene Amalawi anatenga sanakhalitse, chifukwa eni atsopanowo analibe mpamba wokwanira ngakhalenso wowakongoza katundu wa pikulitsa. Ambiri mwa amene anachotsedwawo anali Asilamu anzathu ochokera ku Gujarat, mfundo imene okamba nkhaniyi amailumpha.

Nanga lero akutidyera masuku pamutu ndani? Msodzi wosowa mafuta a injini amakongola kwa wogula usipa, n'kumugulitsa nsomba pamtengo umene wokongozayo wanena. Mlimi wa mpunga amagulitsa mbewu ikadali m'munda pofuna kuthawa njala ya mu February. Wakatapila amene amalanda njinga kapena ukonde si mlendo ayi: amalankhula Chichewa, ndipo mwina timaima naye mzere umodzi pa Jumu'ah.

Qur'an inaletsa riba posayang'ana mtundu wa woidya. Ngati tikufunadi kumasuka, misikiti yathu ikhazikitse thumba la ngongole zopanda chiwongoladzanja, zakaat ifike kwa omangidwa ndi ngongole monga mwa lamulo lake, ndipo masheikh adzudzule katapila poyera ngakhale wochitayo atakhala amene anagula malata a msikiti.