Chidindo chosungitsa kwa wina: kodi siginecha ya pa intaneti imamanga mwini dzina?

Funso la siginecha ya pa intaneti likafika kwa ophunzira a Fiqh, yankho limabwera mwachangu. Amati zolembedwa zili ngati zolankhulidwa, lamulo limene lili pa ndime 69 ya Majalla, buku la malamulo a ufumu wa Ottoman. Amawonjezera kuti Mtumiki (Swalla Allahu alaihi wasallam) ankadinda makalata, ndiponso kuti lamulo la dziko lino la 2016, la Electronic Transactions and Cyber Security Act, limavomereza siginecha yotere. Zonsezi n'zoona. Chimene tikudandaula nacho n'chakuti yankholi limalumpha funso lalikulu: chidindocho chili m'manja mwa yani?

Siginecha imeneyi imayendera makiyi awiri. Kiyi wachinsinsi ndi amene amadinda chikalata, ndipo kiyi wapoyera amathandiza aliyense kutsimikiza kuti chidindo n'chenicheni komanso kuti chikalata sichinasinthidwe. Kiyi wachinsinsi angathe kukhala m'khadi imene mwini wake amayenda nayo. Koma pali njira ina imene kiyiyo amasungidwa m'makina a kampani, mwina kunja kwa dziko. Mwini dzina amangotumiza chilolezo polemba nambala yachinsinsi kapena nambala yobwera pa foni, makina aja n'kudinda m'malo mwake. Choncho chimene masamu amatsimikiza n'chakuti kiyi wagwira ntchito. Satsimikiza kuti amene walamula ndi mwini wake. Ngakhale mayiko a ku Ulaya, povomereza njirayi m'lamulo lawo la eIDAS la 2014, anaika malire akuti kiyi azilamulidwa ndi mwini siginecha yekha.

Mbiri yathu inakumana kale ndi vutoli. Mtumiki (Swalla Allahu alaihi wasallam) anasulitsa mphete yasiliva atauzidwa kuti mafumu sawerenga kalata yopanda chidindo. Abu Dawud akusimba kuti Mu'ayqib ndiye ankayang'anira mpheteyo, zimene zikusonyeza kuti kusungitsa chidindo kwa munthu wokhulupirika n'kololedwa. Mphete ija inadutsa kwa Abu Bakr, Umar ndi Uthman (Allah asangalale nawo) mpaka inagwera m'chitsime cha Aris. Koma m'chaka cha 35 cha Hijra, chimene ndi 656, anthu a ku Egypt anabwerera ku Madina ndi kalata yokhala ndi chidindo cha Uthman, yolamula kuti atsogoleri awo alangidwe. Uthman analumbira kuti sanailembe ndipo sanalamule kuti ilembedwe. Posakhalitsa Khalifayo anaphedwa. Patsogolo pake, malinga ndi al-Tabari, Mu'awiya anakhazikitsa ofesi yapadera yodinda ndi kumata makalata pambuyo poti Amr ibn al-Zubayr wasintha ndalama za m'kalata kuchoka pa madirham 100,000 kufika pa 200,000. Amene amatchula mphete ya Mtumiki ngati umboni asaiwale nkhani ziwiri zinazi.

Pa Fiqh, kampani yosunga kiyi yavala zisoti ziwiri. Ndi msungi wa amana, ndipo msungi salipa chowonongeka pokhapokha atanyozera kapena kupyola malire. Ndi wakili, ndipo chochita cha wakili chimamanga womutuma pokhapokha ngati chili mkati mwa zimene anatumidwa. Tsono makina akadinda popanda lamulo la mwini dzina, mgwirizanowo si wake. Vuto limatsala pa umboni. Yankho lachangu lija limasenzetsa mtolo wonse munthu wokanayo, kuti asonyeze yekha kuti sanalamule, pamene kaundula wa zochitika zonse ali m'makina a kampani. Ma Ulama akale sankatero. A Hanafi ankachenjeza kuti malembedwe a munthu amatha kufanana ndi a mnzake, ndipo ambiri mwa ma Ulama ankafuna mboni ziwiri ngakhale pa kalata ya Qadhi yopita kwa Qadhi mnzake. Bungwe la International Islamic Fiqh Academy, pa msonkhano wake wa ku Jeddah mu 1990, linalola migwirizano ya pa foni ndi makina ena, koma linapatula nikah chifukwa imafuna mboni, komanso kusinthana ndalama ndi malonda a salam.

Kuno ku Mangochi, kutuma wina kulemba si chachilendo. Cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, mafumu a Chiyao monga Makanjira ndi Mponda anali ndi alembi owalembera makalata m'zilembo za Chiarabu. Mlembi anali munthu wodziwika, woti akhoza kuitanidwa pabwalo n'kufunsidwa. Makina akutali saitanika motero. Onjezerani mmene timagwiritsira ntchito mafoni. Foni imodzi imatumikira banja lonse. Agogo amauza mdzukulu nambala yachinsinsi ya Mpamba kapena Airtel Money, ndipo ena amaiulula kwa wothandiza pakauntala. Mnyamata akamapita ku Johannesburg amasiyira m'bale simu yake. Lero chotayika ndi ndalama zochepa. Siginecha ikadzayamba kudalira nambala yobwera pa simu yomweyo, chotayika chidzakhala boti la injini ku Msaka kapena malo a m'mbali mwa nyanja ku Makawa, mwini wake ali kutali osadziwa kanthu.

Kuona kwathu n'kwakuti siginecha yotere ndi chizindikiro champhamvu, koma si umboni womaliza. Imatsimikiza bwino kuti mawu sanasinthidwe, ndipo pamenepa ikuposa inki ndi chala. Mwini dzina akaivomera, imamumanga. Akaikana, wodzinenera ufulu ndiye abweretse umboni, kampani itulutse kaundula wake, ndipo wokanayo apatsidwe mwayi wolumbira. Pa ngongole zikuluzikulu ndi pogulitsa malo kapena boti, tisachotse mboni. Ndime 282 ya Surah Al-Baqarah inaika kulemba ndi mboni pamodzi, ndipo inati wokhala ndi ngongole ndiye anene zoti zilembedwe. Mlembi wasintha, koma lamulo lakuti mawu achokere kwa mwini wake likadalipo. Allah ndiye wodziwa koposa.