Mawu akuti imaginable satanthauza "chotheka"

M'kalasi lina ku Chidzolomondo, m'boma la Macanga, ndinamva mphunzitsi wa Chingerezi akumasulira imaginable kuti "chotheka". Kumasulira kotereku kumasocheretsa ana. Imaginable, monganso imaginável m'Chipwitikizi, ndi chinthu chimene munthu angachione m'maganizo, kaya chingachitike kaya ayi. "Chotheka" ndi possible. Kalulu wa m'nthano amatsutsana ndi mfumu pabwalo; mwana aliyense amamuona m'maganizo, koma amadziwa kuti kalulu sayankhula. Wophunzira akasokoneza mawu awiriwa, amalephera kusiyanitsa pamene wolemba akungoyerekeza ndi pamene akunena zochitikadi.

Pulojekiti ya PEBIMO, imene inayesedwa kuno ku Tete kuyambira 1993 mpaka 1997, inkayambira pa Chinyanja chimene mwana wabwera nacho kusukulu. Aphunzitsi, pa mawu awanso yambirani pa nthano zimene ana akuzidziwa kale.