Mbiri ya Alice Lenshina ndi Muyeso wa Mkonzi

Pa maliro, wowerenga mbiri ya malemu amaloledwa kutchula zokoma zokhazokha, ndipo palibe womudzudzula. Mkonzi wa mbiri ya munthu mu insaikulopediya alibe mwayi umenewo. Amene adzawerenge ndi abale a malemu, adani ake, komanso mwana wasukulu amene sanamvepo dzinalo. Onsewa ayenera kuvomereza kuti zolembedwazo n'zoona, ngakhale zina zitawalasa mtima. Kwa ife a ku Lundazi, dzina limene limayesa luso limeneli koposa ndi la mayi Alice Lenshina Mulenga.

Mayiwa anabadwa mu 1920 m'boma la Chinsali. Mu 1953 anadwala mwakayakaya, ndipo atachira ananena kuti anamwalira, nakumana ndi Yesu amene anawabweza ndi ntchito. Anabatizidwa ku mishoni ya Lubwa ndi M'busa Fergus Macpherson, koma posakhalitsa anapatukana ndi mishoniyo. Mpingo wawo wa Lumpa, wokhala ndi likulu pamudzi wa Kasomo, unafalikira mpaka kuno kwathu.

Ntchito ya mkonzi iyambira pomwepo. Wokhulupirira adzalemba kuti mayiwa anauka kwa akufa. Wodana nawo adzalemba kuti ananamiza anthu. Mkonzi waluso amachotsa zonse ziwiri n'kusiya zimene umboni ungathe kunyamula: kuti iwo ananena zimenezo, ndipo anthu zikwizikwi anawakhulupirira. Ena amati kulemba kotereku n'kwamantha. Ine ndimakuona ngati ulemu kwa wowerenga, chifukwa kumamusiyira mpata woweruza yekha.

Chaka cha 1964 ndicho chovuta kwambiri. Mkangano wa a Lumpa ndi chipani cha UNIP unasanduka nkhondo ku Chinsali mu Julayi, asilikali a boma atalowererapo. Pa 3 Ogasiti, anthu a Lumpa anaukira boma la Lundazi ndi midzi yoyandikana nalo, napha anthu ambiri. Patangopita masiku ochepa, pamudzi wa Paishuko, m'dera limene panthawiyo linali m'boma la Lundazi, anthu a Lumpa, akazi ndi ana omwe, anaphedwa mwankhanza ndi anthu a m'midzi yozungulira. Mbiri yotchula za paboma n'kusiya za Paishuko ndi yokondera. Yotchula Paishuko n'kubisa za paboma ndi yokonderanso. Maliro onse awiri ayenera kulowa, ndi mawu olemera mofanana. Mkonzi asamalenso pa funso lakuti anachita ndani. Amene anafika ku Lundazi pa 3 Ogasiti anali otsatira a mayiwa, choncho chiganizo chinene otsatirawo, chisasenzetse munthu mmodzi nkhondo yonse.

Palinso nkhani ya kuchuluka kwa zolembedwa. Anthu oposa 700 anafa, mpingo unaletsedwa ndi boma la Kenneth Kaunda, yemwe anali nduna yaikulu, ndipo zikwi za a Lumpa zinathawira ku Congo. Izi n'zazikulu, koma masabata ochepa asameze moyo wa zaka 58. Wowerenga amve za nyimbo za Chibemba zimene zinkakoka anthu kuchokera kutali, za zithumwa ndi nyanga zimene ankazipereka ku Kasomo, za lamulo loletsa mowa ndi mitala, ndiponso za tchalitchi chachikulu chimene akhristuwo anamanga ndi manja awo, chotsegulidwa mu 1958. Amvenso kuti mayiwa atadzipereka kwa boma mu Ogasiti 1964 anasungidwa popanda kuzengedwa mlandu mpaka 1975, ndipo anamwalira ku Lusaka pa 7 Disembala 1978. Popanda zimenezi, munthu sangamvetse chimene chinachititsa anthu kulolera kufera mpingowo.

Muyeso wake ndi funso limodzi: kodi mfundo iyi ikuthandiza kumudziwa munthuyu? Zoti Robert Kaunda, mkulu wake wa Kenneth, anali wa Lumpa n'zoyenera kulowa, pakuti zikusonyeza mmene nkhaniyi inagawanitsira mabanja. Koma nyumba yotchuka ya Castle, imene Errol Button anamangitsa pamene anali bwanamkubwa wa boma lino, ilibe malo m'mbiri ya mayiwa, ngakhale aliyense wolemba za Lundazi amaikonda.

Mkonzi azinenanso mwini wa mawu alionse. Lipoti la komiti yofufuza la 1965 ndi mawu a boma. John Hudson, wolemba A Time to Mourn, anali mkulu wa boma m'nthawi ya nkhondoyo. Andrew Roberts ndi David Gordon analemba monga akatswiri a mbiri yakale. Onsewa ngofunika, koma wowerenga adziwe pamene aliyense anaima.

Achinyamata athu amene ayamba kulemba pa Wikipedia ya Chichewa ali ndi ntchito yambiri: mbiri za mafumu monga Mwase, Magodi ndi Mphamba, za aphunzitsi, za amayi otsogolera. Lembani, abale anga, koma chitamando chisiyeni ku maliro, chipongwe chisiyeni ku misonkhano ya ndale. Mbiri yokonzedwa bwino ndi imene mdzukulu wa wophedwa paboma ndi mdzukulu wa wophedwa ku Paishuko angaiwerenge onse osapezamo bodza.