Chiganizo Chimene Chimaimitsa Katapila ku Parktown

Ndime 34 ya lamulo la ku South Africa loteteza zinthu zakale, National Heritage Resources Act, nambala 25 la 1999, imayamba ndi chiganizo chimodzi chachifupi. Mfundo yake ndi yakuti munthu asasinthe kapena kugumula chomangidwa chilichonse, ngakhale mbali yake chabe, chimene chapitirira zaka 60, pokhapokha atalandira chilolezo ku bungwe loona zakale la m'chigawo chakecho. Mikangano yambiri ya m'madera amitengo a kumpoto kwa Johannesburg, monga Parktown ndi Westcliff, imathera pa chiganizo chimenechi, ndipo mbali zonse ziwiri, oteteza zakale ndi ofuna kumanga zatsopano, zimachiwerenga ngati chinalembedwera iwowo.

Kuti timve kulemera kwake tiyenera kudziwa chimene chinachitika chisanalembedwe. Parktown inayamba mu 1892, pamtunda pomwe eni migodi ya golide anathawirako fumbi la m'tauni. Katswiri wojambula nyumba, Herbert Baker, anamangako nyumba yake, Stonehouse, mu 1902, kenako anajambulanso nyumba za Northwards ndi Villa Arcadia. M'zaka za m'ma 1960 ndi 1970 nyumba zambiri zamtunduwu zinagwetsedwa kuti padutse msewu waukulu wa M1, pamangidwe sukulu yophunzitsa aphunzitsi komanso chipatala chachikulu chimene lero chimatchedwa Charlotte Maxeke. Wogumula wamkulu nthawi imeneyo linali boma lenilenilo. Mkwiyo wa anthu a m'deralo ndi umene unabala gulu la Parktown and Westcliff Heritage Trust, lomwe Flo Bird anadziwika nalo kwambiri, ndipo pano ndi Johannesburg Heritage Foundation.

Tsono chiganizo chija chimadabwitsa ndi zimene sichifunsa. Sichifunsa ngati nyumbayo ndi yokongola, ngati anaijambula ndi katswiri, kapena ngati munagonapo munthu wotchuka. Chimangowerenga zaka. Ndipo malire a zakawo amayenda. Lamuloli litayamba kugwira ntchito mu 2000, linkagwira zomangidwa chisanafike chaka cha 1940. Pofika 2025 linali litafika ku 1965. Chaka chilichonse nyumba zina zimalowa mu ukondewu popanda wina kusayina kalikonse. Zotsatira zake ndi zimene anthu a ku Parktown satchula kawirikawiri: tinyumba ta zipinda zinayi timene boma la tsankho linamanga mochuluka ku Soweto m'zaka za m'ma 1950 tili pansi pa ndime yomweyi, mofanana ndi Northwards. Agogo a ku Soweto ofuna kuwonjezera chipinda cha adzukulu, tikatsata lamulo mmene linalembedwera, ayenera kupempha chilolezo chomwecho.

Nanga kusintha n'kutani? Lamuloli limafotokoza lokha, ndipo limatambasula kwambiri: chilichonse chokhudza kamangidwe kapena maonekedwe, kuphatikizapo kupaka penti ndi pulasitala. Woliwerenga mwachilungamo aona kuti palibe bungwe lingathe kulondola khoma lililonse lopakidwa penti m'chigawo chonse cha Gauteng. Lamulo lalikulu chonchi silingatsatidwe paliponse, ndiye limadzuka kokha kumene kuli wolidzutsa. Amalidzutsa ndi omwe ali ndi bungwe la eni nyumba, loya, ndi nthawi yolemba makalata otsutsa. Apa mpamene chiganizo chosakondera chimasanduka chida cha dera limodzi.

Mawu akuti ngakhale mbali yake chabe ndi amene ine amandigwira mtima. Kuseri kwa nyumba zikuluzikuluzi kuli boyizikota, kachipinda kopapatiza komwe ankagona ophika, ochapa ndi osamalira maluwa. Amalawi ambiri amene apita ku Joni amadziwa zipinda zotere m'kati mwake kuposa nyumba yaikuluyo. Ndime 34 siisiyanitsa chipinda chochezera cha bwana ndi kachipinda ka wantchito. Zonse zapitirira zaka 60, zonse ndi zomangidwa. Mawu otsegulira lamuloli amanena za kuchiza mabala akale ndi kukonza kusalingana kwa m'mbuyo. Ngati mawu amenewo ali ndi tanthauzo ku Parktown, ndiye kachipinda kakuseriko ndi umboni wofunika kwambiri pabwalo lonselo, chifukwa kamasonyeza amene ankanyamula moyo wa nyumba yakutsogolo. Koma pamene mwini akufuna garaja kapena malo oimika magalimoto, n'kosavuta kuti diso la onse likhale pa denga ndi mawindo a nyumba yaikulu.

Mitengo nayo ili ndi nkhani yake. Chimene anthu amalirira akamanena za dera lawo nthawi zambiri ndi mthunzi, misewu ya jakaranda yofiirira mu Okutobala, mipanda yobiriwira. Koma lamuloli limati chomangidwa ndi chinthu chopangidwa ndi anthu n'kukhazikika pansi. Jakaranda, yemwe kwawo ndi ku South America, sali m'chiganizo chimenechi. Choncho ofuna kusunga mthunzi amakangamira njerwa, poti njerwa ndizo zili ndi ndime.

Ambiri amaleka kuwerenga pa chiganizo choyamba, pomwe chachiwiri ndicho chimaulula cholinga. Chimati bungwe likakana chilolezo, pasanathe miyezi itatu liyenera kulingalira zoteteza malowo mwa njira zina zokhazikika zimene lamuloli lili nazo. Kunena kwina, zaka 60 si chigamulo chakuti nyumbayo ndi chuma cha fuko. Ndi mpata chabe woti katapila ayambe waima, anthu aone kaye ngati pali chosunga. Mbali yachitatu imalolanso bungwe kuchotsa dera lathunthu kapena mtundu wina wa zomangidwa pansi pa chiletsochi. Olemba ake anadziwa kuti si chakale chilichonse chiyenera kukhala. Makhoti anawonjezerapo mphamvu: mu 2007, pa mlandu wa Qualidental Laboratories wa ku Mossel Bay, khoti lalikulu la apilo linavomereza kuti bungwe likhoza kulola kugumula koma n'kuika malire pa zimene zidzamangidwe pamalopo.

Nkhawa ya oteteza zakale si yabodza ayi. Mu 2008 nyumba zambiri za Rand Steam Laundries ku Richmond, pafupi ndi Parktown, zinagwetsedwa ngakhale zinali zotetezedwa, ndipo zambiri mwa zimene zilipo lero n'zomangidwanso. Komanso mzinda umene unaona dera la Sophiatown likufafanizidwa kuyambira 1955 uyenera kuchita mantha ndi katapila. Koma mbali inayo ilinso ndi mfundo yolimba. Dongosolo la chitukuko cha mzinda limene khonsolo inavomereza mu 2016 linafuna kuti anthu ambiri azikhala pafupi ndi ntchito, pakuti tsankho linataya antchito kutali, ndipo mpaka lero ndalama zambiri za malipiro awo zimathera m'mataxi. Bwalo limodzi la ku Parktown lingathe kukhala mabanja ambiri m'nyumba zosanjikizana.

Ndime 34 siigamula mkangano umenewu, ndipo siinalembedwe kuti igamule. Woigwiritsa ntchito kuti Stonehouse isagwe akuiwerenga bwino. Woigwiritsa ntchito kuti nyumba wamba ya 1960 itseke njira ya mabanja ofuna kukhala pafupi ndi tauni akuinamizira, chifukwa ndimeyi imalamula kuti pafunsidwe funso, ndipo yankho lakuti gumulani nalonso lili m'lamulo lomwelo.