Nyimbo za Alomwe ndi Makina Otolera Mau

Oimba akakumana, nkhani yao siichedwa kufika pa zinthu zitatu: gulu limene aliyense aimbamo, maimbidwe amene atsata, ndi tsiku limene analowa m'nyumba yojambuliramo nyimbo. Chachitatuchi ndicho chimene anyadira koposa. Mnyamata wa ku Migowi kapena ku Chiringa amene wakajambulitsa nyimbo zake ku Blantyre abwerako ndi ulemu wonga wa munthu wopambana mayeso. Koma nkosowa kumva wina akufunsa ngati nyimbo imene inatuluka m'nyumbamo ndi yomweyo imene inalowamo.

Funso limeneli ndi lakale. Pamene Hugh Tracey anayenda m'dziko la Nyasaland mu 1950 ndi mu 1958 kutola nyimbo m'midzi, mbale wamba ya galamafoni inkasunga mphindi zitatu zokha mbali imodzi. Tsono taganizani za Tchopa, gule wa Alomwe wodziwika kwambiri m'boma la Phalombe, amene bungwe la UNESCO linamlemba m'kaundula wake wa chuma cha makolo mu 2014. Tchopa avinidwa pothokoza zokolola, pokondwerera ulenje, ndiponso popereka nsembe kwa mizimu pakagwa chilala kapena mliri. Ovina azungulira bwalo napingasana, atabereka akatundu a zikopa, makasu ndi ziwiya zakale. Woimba ng'oma ayang'ana mapazi ao. Akaona kuti atenthedwa afulumiza, akaona kuti alema abweza dzanja. M'mphindi zitatu gule wotere akhala asanayambe nkomwe, ndipo makina satola fumbi, thukuta kapena chifukwa chimene anthu asonkhanira.

Sikuti makina ndi mdani ai. Umboni wake ndi Alan Namoko, Mlomwe wosaona wa ku Thyolo, amene anabadwa mu 1956 namwalira mu 1995. Iye ankaimba banjo pamodzi ndi gulu lake la Chimvu Jazz Band, ndipo anthu a ku Phalombe, monga a m'maboma ena onse, anamdziwa kupyolera pa wailesi ya MBC, imene inakhazikitsidwa mu 1964. Mu 1992 a Pamtondo anatulutsa nyimbo zake pa chimbale chotchedwa Ana Osiidwa. Womvera nyimbo zimenezi amamva gulu lathunthu likupuma mpweya umodzi. Banjo ithamanga, ng'oma zopangira kumudzi ziilondola, Namoko aponya mau ndipo anzake awawakha asanagwe. Pena liu lake lisasa, pena chingwe chilira mopotoka pang'ono, koma wojambula sanakonze zimenezi, ndipo anachita bwino zedi. Chisoni cha mwana wamasiye sichimveka m'liu losalala. Mwa oimba onse a maimbidwe a banjo, ndi ochepa amene makina anawachitira chilungamo chotere.

Zinthu zinasintha pamene kiyibodi, ndipo pambuyo pake kompyuta, zinadzaza nyumba zojambuliramo nyimbo. Ubwino wake suli wokanika: mtengo unatsika, kotero kuti mwana wa mlimi wa nandolo akhoza kujambulitsa popanda kudikira a wailesi. Koma kajambulidwe kake nkosiyana. Woimba alowa yekha m'kachipinda, avala zomvera m'makutu, naimba motsata ng'oma ya m'makina imene inaikidwa kale. Ovomereza alowa pambuyo, kapena iye yemweyo adzivomereza yekha. Gulu limene analitchula monyadira lija litsala panja pa benchi, pakuti mwini makina aona kuti kiyibodi ifulumira kuposa anthu asanu. Nyimbo zambiri zimene zitchedwa za Tchopa masiku ano zili ndi kugunda kwa Tchopa ndithu, koma ng'oma yake siyang'ana mapazi a munthu aliyense. Igunda chimodzimodzi kuyambira pachiyambi kufikira pamapeto. Chilomwe nachonso chichepa, chingothiridwa mau awiri atatu ngati mchere m'ndiwo, kuti nyimbo igulidwe ku Lilongwe.

Nkhani imeneyi ikhudza mphunzitsi wa mawa, pakuti ana amene adzawapeza m'kalasi adzakhala atamva gule wa kwao pa foni kambiri kuposa pabwalo. Akadzawauza kuti aimbe nyimbo ya makolo, ambiri adzaimba ya m'makina, naiyesa yeniyeni. Kuwadzudzula sikudzathandiza. Chofunika ndicho kuwaphunzitsa kumva. Awaseweretse nyimbo imodzi ya Namoko ndi ina ya kiyibodi, ndipo ana aombe m'manja motsata zonse ziwiri. Pa yachiwiriyo adzaomba ngakhale maganizo ali kwina. Pa yoyambayo adzayenera kutchera khutu, pakuti liwiro lake liyenda ndi oimba. Pambuyo pake aitane mkulu wa ng'oma wa m'mudzi woyandikana ndi sukulu, ana avine pabwalo, ndipo mmodzi wa iwo aime pafupi ndi mkuluyo kuti aone kumene maso ake ayang'ana.