Nthumanzi za Woimba Limba

Kwathu ku Chiosya kuli mnyamata woimba limba m'kwaya ya kutchalitchi. Pokonzekera Lachisanu zala zake zimathamanga bwino, koma Lamulungu anthu akadzaza, thukuta limatsika, manja nanjenjemera. Kwayayo itapita kukajambula ku Lilongwe, anabwereza nyimbo imodzi mpaka dzuwa kulowa, akuti sinakome. Chimbale chinatuluka chosalala, koma nditachimvera ndinasowamo mnyamata amene ndimamudziwa. Zimenezi zinandikumbutsa akatswiri awiri a piyano amene ndimakonda kuwamvera.

Woyamba ndi Glenn Gould wa ku Canada. Iyeyu anasiya kuimba pagulu mu 1964, ali ndi zaka 31, nathawira mu situdiyo. Kumeneko amatha kubwereza, kudula tepi ndi kulumikiza zidutswa zokhazo zimene zamukhutiritsa. Nyimbo za Bach zotchedwa Goldberg Variations anazijambula mu 1955, nazijambulanso mu 1981 chifukwa zoyambazo sizimamukomeranso. Chimbale choyamba chimatha m'mphindi pafupifupi 38, chachiwiri chimapitirira mphindi 50. Chachiwiricho n'chodekha, chamunthu wakulingalira, ndipo sindingachinyoze. Komabe choyambacho, chimene mwini wake anachikana, ndicho chimandidzutsa pampando. Apa pakuoneka kuti khutu la mwini nyimbo si ndilo woweruza wolungama nthawi zonse.

Wachiwiri ndi Vladimir Horowitz. Naye kudzikayikira kunam'letsa kuimba pagulu zaka 12, kuyambira 1953. Pa 9 Meyi 1965 anabwerera ku Carnegie Hall, mumzinda wa New York, ndipo atangoyamba nyimbo yoyamba chala chinaterera. Sanaime. Anapitiriza mpaka kumapeto, anthu namuombera m'manja kwa nthawi yaitali. Chimbale cha tsikulo chitatuluka, zolakwa zina anali atazikonza. Chosakonzedwa chinatuluka mu 2003. Ine ndimasankha chosakonzedwacho, pakuti mmenemo ndimamva munthu wamantha akulimbana ndi mantha ake pamaso pa anthu, nawagonjetsa.

Sindikunena kuti kulakwitsa n'kokoma, kapena kuti woimba asamadzidzudzule. Wosadzidzudzula amatipatsa phokoso. Koma kudzidzudzula malo ake ndi pokonzekera. Kukalowa nawo pabwalo kumamanga zala. Walira mvula walira matope: wofuna anthu omumvera avomereze kuti nthawi zina adzaterera iwo akuona. Gould anakana matopewo natisiyira zimbale zokongola, koma kwa zaka 18 zotsala za moyo wake anthu sanamuonenso akuimba muholo.

Mnyamata wathu uja anandiuza kuti akuganiza zosiya kuimba Lamulungu, azingothandiza pojambula basi. Ndinamuyankha kuti, "Mphwanga, chala chako chikaterera, amayi a kwaya saima. Amangokweza mawu mpaka iwe utawapezanso." Sanandiyankhe, koma Lamulungu lotsatira ndinamuona atakhala pa limba, akupukuta manja pathalauza.