Kulimba kwa Ulusi N'kosiyana ndi Kukungika Kwake

Malangizo a kasokedwe ka zikopa akamamasuliridwa m'Chichewa, cholakwa chimodzi chimabwerezedwa kawirikawiri. Mawu a Chingerezi akuti tension amamasuliridwa kuti "kulimba kwa ulusi". Kumasulira kotereku kumamveka bwino m'khutu, koma kumasocheretsa mmisiri amene makina ake ayamba kusoka molakwika.

M'Chichewa, ulusi wolimba ndi umene suduka msanga. Koma chimene malangizowo akunena ndi mphamvu imene timbale tiwiri ta pamakina timapanira nayo ulusi ukamadutsa. Mawu oyenera alipo kale, pakuti anthu amakunga ng'oma, amakunganso uta. Motero alembi ayenera kulemba kuti "kukungika kwa ulusi", ndipo mawu otsutsana nawo akhale "kukhwefuka".

Kufunika kwa kusiyanitsaku kumaoneka pa mmene msoko umapangikira. Makina monga Singer 111W155 ndi Juki LU-563 amasoka ndi ulusi wochokera mbali ziwiri, wa m'singano ndi wa m'bobini, ndipo mfundo yake iyenera kubisika m'kati mwa chikopa. Ulusi ukamaunjikana kunsi, kawirikawiri ndiye kuti wapamwamba wakhwefuka, kapena sunalowe bwino pakati pa timbale tija. Mfundo zikamaonekera pamwamba, ndiye kuti wakungika mopitirira muyeso. Tsono mmisiri amene wawerenga zoti "onjezerani kulimba kwa ulusi" angathe kukagula ulusi wokulirapo n'kuulowetsa m'singano yomweyo. Ulusiwo umakhulika pabowo la singano mpaka kuduka, vuto loyamba lija likadalipo.

Cholakwa chachiwiri chili pa mawu akuti "singano yakuthwa". Singano iliyonse yatsopano ndi yakuthwa, choncho mawuwa sasiyanitsa kanthu. Singano ya nsalu, monga 135x17, ili ndi nsonga yozungulira imene imangopatula tiulusi ta nsalu. Ya chikopa, monga 135x16, ili ndi nsonga yodula ngati kampeni. Ziwirizi zimakwana m'makina amodzi, ndiye chifukwa chake zimasokonezedwa. Mawu akuti "singano yodula" ndi "singano yoboola" angathetse chisokonezochi. Manambala nawonso asasandutsidwe mawu ongoti "yaikulu" kapena "yaing'ono". Singano ya nambala 140 ndi yokhuthala mamilimita 1.4, ndipo pa kawerengedwe ka Singer ndi nambala 22.

Pali mawu ena amene omasulira achita bwino kuwatenga pakamwa pa atelala, akuti "makina akudumpha". Awa ndi omveka ndipo ayenera kusungidwa. Chodandaulitsa n'chakuti amatsatidwa ndi langizo lakuti "konzani nthawi", lomwe silitanthauza kanthu kwa amene sadziwa Chingerezi. Nkhani yake ndi ya kukumana kwa singano ndi kambedza ka pansi. Singano ikafika pansi n'kuyamba kukwera, ulusi umapanga kakhwekhwe kamene nsonga ya kambedzako iyenera kukola. Ikalephera kukola, makina amadumpha. Komabe malangizo abwino sayambira pomasula zomangira za kambedza. Amayamba ndi kufunsa ngati singano yapindika, ngati yalowetsedwa motembenuka, kapena ngati phazi la makina silikupanikiza mokwanira kotero kuti chikopa chikunyamuka pamodzi ndi singano.

Ena anganene kuti mmisiri wozolowera amazindikira yekha chimene wolemba amafuna kunena. Koma malangizo amalembedwera wophunzira, ndipo chikopa sichikhululuka. Msoko wolakwika pansalu umamasulidwa n'kusokedwanso, pamene bowo la pachikopa silitsekeka. Kubwereza msoko pamalo amodzi ndi singano yodula kumafooketsa chikopa mpaka kung'ambika, ndipo nsapato kapena chikwama cha mwini chimatayika.

Choncho womasulira, asanasankhe liwu, akhale kaye pambali pa makina aone mmene mfundo ikupangikira. Akonzi nawo asavomereze liwu chifukwa chakuti lili m'buku lotanthauzira mawu. Ayese kulipereka kwa wophunzira kusoka, aone ngati dzanja lake likupita pamalo oyenera kukonza.